Mafoni analira 3 koloko ku Britain, nanga aja anakhala chete vuto linali pati?

Mlongo_waLeeds
Abale, Lamulungu pa 7 Seputembala 2025 nthawi ya 3 koloko masana boma la Britain linayesanso chenjezo la ngozi la pa foni m'dziko lonse. Aka kanali kachiwiri, koyamba kunali pa 23 Epulo 2023. Foni imalira ngati sayirini kwa masekondi pafupifupi 10, imanjenjemera, uthenga nkukhala pa sikirini mpaka utaudina, ngakhale foniyo ili pa silent. Koma m'nyumba imodzi momwemo foni ina inalira, ina inakhala duu, ina inalira mochedwa. M'magulu a Amalawi kuno mwayamba mphekesera yoti boma lili ndi mndandanda wa manambala, ndiye amene sanalandire akuti sali pa mndandandawo. Anthu amene mapepala awo adakali m'njira agwidwa nayo mantha nkhaniyi. Inu odziwa za manetiweki, tatimasulirani.

Nsanja4G
Achemwali, yambani mwawakhazika mtima pansi anthuwo. Mndandanda wa manambala kulibe. Uthengawu sudzera njira ya SMS, umadzera njira yotchedwa cell broadcast. SMS ili ngati kalata yolembedwa dzina, iyenera kupeza mwini wake mmodzimmodzi. Cell broadcast ndi wolengeza wa amfumu amene akufuula pabwalo: aliyense ali pafupi amamva, koma wolengezayo sadziwa kuti wamva ndani. Nsanja ya netiweki iliyonse imangoulutsa uthengawo ku mafoni onse a m'dera lake. Nambala, dzina, ngakhale malo amene munthu waima sizifunika, ndipo foni sibweza yankho lililonse kwa wotumiza.

Ulendo wake ndi wotere. Ofesi yololedwa, ku Britain ndi Cabinet Office, imalemba uthenga, kujambula dera pa mapu, kusankha kukula kwa ngozi ndi nthawi yomwe uthengawo ukhale ukubwerezedwa. Maiko ambiri amalongedza zonsezi m'kalembedwe kotchedwa CAP, kuti uthenga womwewo upite ku mafoni, ku wailesi ndi ku kanema popanda kuulembanso. Kuchoka apo umafika ku makina otchedwa CBC a kampani iliyonse, kuno ndi EE, O2, Vodafone ndi Three. CBC ndi imene imasandutsa mapu aja kukhala mndandanda wa nsanja zoti zilankhule. Kenako uthenga umadutsa pa makina apakati a netiweki, otchedwa MME ngati ndi 4G, kapena AMF ngati ndi 5G, nkufika pa nsanja. Nsanja imadzutsa mafoni ndi kachizindikiro koti pali chenjezo, foni nkupita kukawerenga uthengawo pamalo ake, SIB12 pa 4G, SIB8 pa 5G. Pakakhala kuti zonse zili bwino, ulendo wonsewu ndi wa masekondi owerengeka basi.

Wokonzamafoni_Limbe
Ndiwonjezere za mbali ya foni, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala m'thumba mwa munthu osati pa nsanja. Boma la Britain linanena lokha kuti chenjezo lawo limafika pa 4G ndi 5G, pa iPhone ya iOS 14.5 kupita mtsogolo ndi Android 11 kupita mtsogolo. Foni imene pa nthawiyo inali itagwera pa 2G kapena 3G sikanalira. Yozima, ya pa airplane mode, kapena imene imangodalira WiFi ya m'nyumba netiweki kulibe, chimodzimodzi. Ena anazimitsa okha machenjezowa mu 2023 nkuiwala. Pa iPhone onani ku Settings, Notifications, mutsike mpaka pansi penipeni pomwe pali Extreme Alerts ndi Severe Alerts. Pa Android lembani emergency alerts pa malo ofufuzira mu Settings.

Za kuchedwa, nsanja siulutsa kamodzi kokha. Imabwereza uthengawo kwa nthawi yomwe wotumiza waika, kuti foni imene inali m'chikepe kapena pansi pa nthaka iupeze ikatuluka. Uthenga uliwonse uli ndi nambala yake, ndiye foni ikaona kuti nambala iyi yaionetsa kale siliranso. Ngati foni inalira kawiri, nthawi zambiri ndi ya ma SIM awiri a makampani osiyana, kapena inazimitsidwa nkuyatsidwanso uthenga udakali mumlengalenga.

Mlongo_waLeeds
Zikomo achimwene, ndatumiza kale ku gulu lija. Koma ngati foni sibweza yankho, boma limadziwa bwanji kuti kuyesako kwatheka?

Nsanja4G
Apa ndiye pali mutu wa nkhani. Netiweki imangodziwa kuti nsanja zingati zinavomera kuulutsa ndi zingati zinakana kapena sizinayankhe. Lipoti limenelo CBC imalipeza. Koma nsanja kuvomera sindiye kuti foni yalira, ndipo foni kulira sindiye kuti munthu wamva nkumvetsa. Chifukwa chake kuyesa kolongosoka kumafuna zinthu zina ziwiri pambali pa lipoti la makina. Choyamba, anthu oikidwiratu m'madera osiyanasiyana atanyamula mafoni a mitundu yosiyana, pa kampani iliyonse, akulemba mphindi ndi sekondi imene foni yalira. Chachiwiri, kafukufuku wa anthu wamba tsiku lomwelo kapena mawa lake: munalandira kodi, foni yanu ndi yanji, kampani iti, munali kuti, munamva kuti akukuuzani muchite chiyani? Amene sanalandire ndi amene ali ndi phindu lalikulu pa kafukufukuyu. Boma likangowerenga nsanja zomwe zinavomera nkulengeza kuti zonse zayenda, ndiye kuti silinayese kanthu.

Kalondolondo
A Nsanja akunena zoona, ndipo zochitika zikuwaikira umboni. Mu 2023 makasitomala ambiri a Three sanalandire, kampaniyo inavomereza tsiku lomwelo. Ena uthenga unawafika mphindi imodzi 3 koloko isanakwane. Uthenga wa m'chilankhulo cha ku Wales unali ndi liwu lolakwika. Zonsezi zikanabisika mpaka tsiku la ngozi yeniyeni pakanapanda kuyesa. Ndipo sanayambire dziko lonse ayi, mu 2021 anayamba ayesa ku East Suffolk ndi ku Reading.

Ku Germany kunachitika zoposa apa. Pa 10 Seputembala 2020 anachita tsiku loyesa machenjezo m'dziko lonse, nthawi ya 11 koloko m'mawa. Maofesi a m'zigawo ndi m'mizinda nawo anatumiza machenjezo awo nthawi yomweyo, makina a likulu anadzaza, uthenga wa pa app ya machenjezo yotchedwa NINA unafika patatha pafupifupi theka la ola. Mkulu wa nthambi yoona za ngozi anachotsedwa pa udindo. Nthawi imeneyo analibe cell broadcast. Mu Julaye 2021 madzi osefukira, makamaka m'chigwa cha Ahr, anapha anthu opitirira 180 m'dzikolo, ndipo apa ndi pomwe anafulumira. Anayesa cell broadcast koyamba pa 8 Disembala 2022, pano amayesa chaka chilichonse Lachinayi lachiwiri la Seputembala. A ku Netherlands, omwe anayamba chenjezo lawo la pa foni lotchedwa NL-Alert mu 2012, amayesa kawiri pa chaka, Lolemba loyamba la Juni ndi la Disembala nthawi ya 12 koloko masana.

Mayi_Zangozi
Pamene mwatchula Germany musasiye Hawaii, chifukwa kumeneko kuyesa kwenikweniko ndi kumene kunabala ngozi. Pa 13 Januwale 2018, nthawi ya 8:07 m'mawa, mafoni analandira chenjezo loti mzinga ukubwera, bisalani. Kunali kuyeserera kwa mkati mwa ofesi pa nthawi yosinthana ntchito, wantchito wina nkutenga ngati ndi zenizeni, nkutumiza ku anthu. Uthenga wotsutsa unafika pa mafoni patatha mphindi 38. Chinachedwetsa nchakuti analibe uthenga wokonzeratu wonena kuti chenjezo lija linali lolakwika, komanso panalibe munthu wachiwiri woti avomereze uthenga usanatuluke. Ndiye poyesa musamangoyesa kutumiza. Yesaninso kuletsa uthenga womwe uli kale mumlengalenga ndi kutumiza wokonza. Makina oyeserera ndi makina enieni asafanane maonekedwe, ndipo batani lotumizira lisakhale m'manja mwa munthu mmodzi.

Wokonzamafoni_Limbe
Mayi, pali njira yoyesera mwakachetechete anthu osadzidzimuka. Mauthengawa ali ndi matchanelo a manambala. 4370 ndi ya chenjezo lalikulu la dziko, imene m'maiko ngati America munthu sangaizimitse. 4371 mpaka 4378 ndi za ngozi zoopsa, izi munthu atha kuzimitsa. 4380 mpaka 4382 ndi zoyesera, ndipo foni wamba sionetsa uthenga wa pamenepo pokhapokha mwini wake atayatsa dala. Mainjiniya atha kuyesa njira yonse mwezi ndi mwezi pa matchanelo amenewa. Kuliza dziko lonse kukhale komaliza.

Mayi_Zangozi
Ine ndili ndi dandaulo ndi mmene Britain inachitira polola kuti munthu azimitse machenjezo onse. Madzi akamabwera usiku, amene anazimitsa chifukwa chonyansidwa ndi phokoso la tsiku loyesa ndi amene adzakokoloke.

Mlongo_waLeeds
Pamenepo ndisiyana nanu pang'ono mayi. Mabungwe othandiza amayi ochitiridwa nkhanza m'banja, monga Refuge, anachenjeza kuyesa kusanachitike kuti alipo amayi amene amabisa foni yachiwiri yoitanira thandizo. Foni imeneyo ikalira mwadzidzidzi pansi pa matiresi bambo ali pomwepo, chenjezo lasanduka chomuulula. Nchifukwa chake tsiku ndi ola zimalengezedwa milungu ingapo zisanachitike, pamodzi ndi malangizo a kazimitsidwe. Kwa mayi wotero njira yotsimikizika ndi kuizimitsiratu foniyo ola lisanakwane. Oyendetsa galimoto nawo amauzidwa kuti asaigwire foni ikalira, chifukwa lamulo silisintha: chindapusa cha £200 ndi mapointi 6 pa laisensi.

Mayi_Zangozi
Ndamva achemwali, mfundo ya amayiwo ndi yolemera. Komabe ndikanakonda tchanelo chimodzi chosazimitsika chisungidwire ngozi yeniyeni yokha, zoyesa zizidzera pa zozimitsika.

Kalondolondo
Chiyambire 2023 chenjezo la Britain lagwirapo ntchito pa ngozi zenizeni. Mu Febuluwale 2024 linathandiza kusamutsa anthu ku Plymouth atapeza bomba la nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kuseri kwa nyumba. Mu Disembala 2024, pa namondwe Darragh, linapita kwa anthu pafupifupi 3 miliyoni ku Wales ndi kumwera chakumadzulo kwa England. Mu Januwale 2025, pa namondwe Éowyn, pafupifupi 4.5 miliyoni ku Scotland ndi Northern Ireland. Muone kuti sanalize dziko lonse, analiza dera lokhudzidwa lokha. Luso limeneli losankha dera nalonso limafuna kuyesedwa palokha, poti kuliza dziko lonse sikuonetsa ngati malire a mapu akulondola.

Mayi_Zangozi
Tibwere nayo kwathu nkhaniyi. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anasiya anthu opitirira 1,000 atafa kapena kusowa m'chigawo cha kumwera. Ku Chilobwe matope anatsika m'phiri la Soche anthu ambiri ali m'nyumba. Machenjezo a nthambi ya zanyengo ndi a DoDMA amayenda pa wailesi, pa WhatsApp, pa SMS ndi kudzera m'makomiti a zangozi a m'midzi okhala ndi zimkuzamawu ndi malikhweru. Zonsezi ndi zofunika, koma palibe chimene chimadzutsa munthu aliyense m'dera limodzi pa sekondi imodzi pakati pa usiku. A Nsanja, tikanati tiyese njira ya Britain kwathu, chingatipunthwitse nchiyani?

Nsanja4G
Choyamba ndi magetsi mayi. Nsanja yozima siulutsa kanthu. Mukumbukire kuti namondwe Ana mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira. Magetsi akathima nsanja imadalira mabatire, mabatire akatha imadalira jenereta, ndipo jenereta imafuna dizilo amene galimoto singafikitse mlatho utakokoloka. Kuyesa kwa Lamulungu masana dzuwa likuwala sikungaonetse zimenezi. Pafunika kuyesa kwina kwa nsanja za m'madera a ngozi monga Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje: kuzimitsa magetsi dala nkuwerenga maola amene nsanja ikhale ikulankhula. Aonenso njira yolumikiza nsanjayo ku likulu, chifukwa nsanja zambiri za kumudzi zimalandirana uthenga motsatizana, imodzi yapakati ikafa zonse za kutsogolo kwake zimakhala zosalankhula ngakhale zili ndi magetsi. Chenjezo lituluke namondwe asanafike, nsanja zidakali moyo.

Chachiwiri ndi mafoni a mabatani. Cell broadcast imatheka pa 2G, inayambira komweko. Koma mafoni ambiri a mabatani amautenga ngati kauthenga wamba ka netiweki, kopanda sayirini, ndipo mbali imeneyi imabwera yozimitsa kuchokera ku fakitale. Ndiye kwathu SMS yolunjika dera singatayidwe. Vuto lake ndi mzere. Tiyerekeze kuti makina akutha kutumiza ma SMS 1,000 pa sekondi: anthu 5 miliyoni afunika masekondi 5,000, ndiye kuti ola limodzi ndi mphindi 23, ndipo nthawi imeneyo aliyense akuimbira abale ake, netiweki yadzaza. Kwa dera laling'ono la anthu 50,000 ndi masekondi 50 okha. SMS ndi yabwino ku dera lochepa, osati dziko lonse nthawi imodzi.

Wokonzamafoni_Limbe
Chachitatu ndiike ine. Foni ya makono simvetsera matchanelo onse mwachisawawa. Pulogalamu yake imayang'ana nambala ya dziko, ya Malawi ndi 650, ya Britain ndi 234, nkutsegula matchanelo omwe anakonzera dziko limenelo. Ndiye MACRA pamodzi ndi TNM ndi Airtel angafunike kukambirana ndi Google, Apple, Samsung ndi Transsion, eni ake a Tecno, itel ndi Infinix, kuti makonzedwe a dziko lathu alowe m'mafoni. Zikatero pamatsala vuto la kulandira update. Anthu ambiri amaikana poopa kutha kwa bandulo, ndipo mafoni akaunjika ochokera ku Dubai kapena ku Joni ena anasiya kalekale kulandira. Poyesa pafunika tebulo lodzaza ndi mafoni omwe anthu amagula pa msika wa Limbe ndi ku Lilongwe, osati a mabwana a mu ofesi. Ayesenso foni ya ma SIM awiri, SIM imodzi ili pa 4G ina pa 2G, poti umu ndi mmene ambiri amayendera.

Kalondolondo
Onjezani za m'malire. Ku Dedza, Mchinji, Mwanza ndi Muloza foni imatha kugwira nsanja ya ku Mozambique kapena Zambia. Ikakhala pa nsanja ya tsidya lina singamve chenjezo la kwathu. Madzi a Ruo sasankha mbali, choncho mgwirizano ndi anansi ufunika.

Nsanja4G
Zoonadi. Ndipo mafunde a nsanja satsata mzere wa pa mapu, amapyola. Ku America kuyambira kumapeto kwa 2019 anayamba kutumiza mapu a dera pamodzi ndi uthenga, kuti foni idziyeze yokha ngati ili mkati, kupyola kwake kusapitirire mamita pafupifupi 160. Koma izi zimatheka pa mafoni atsopano okha. Nsanja ya kumudzi imafika makilomita ambiri, ndiye dzina la malo liyenera kulembedwa mu uthenga momwemo, kuti wa kumtunda asathawe pachabe.

Pa kalembedwe pali msampha wina. Tsamba limodzi la cell broadcast limanyamula zilembo 93 ngati zonse zili m'gulu la zilembo wamba za GSM, ndipo masamba atha kufika 15. Mukangoikamo chilembo chimodzi chosapezeka m'gululo, monga ŵ, uthenga wonse umasamukira ku kalembedwe ka UCS-2 komwe tsamba limanyamula zilembo 41 zokha. Kachizindikiro kopindika ka m'mawu ngati m'madzi, kamene kompyuta imaika yokha mukamalemba mu Word, nako kamachita zomwezo. Chitsanzo chongopeka ichi: "DoDMA: Mtsinje wa Ruo wasefukira. Anthu a ku Makhanga samukani kupita kumtunda tsopano." Ndi zilembo 87, tsamba limodzi. Mu UCS-2 asanduka masamba atatu, ndipo pa 2G tsamba lililonse limadya pafupifupi masekondi awiri, mwayi woti lina litayike nkukula.

Mayi_Zangozi
Chitsanzo chanucho chili ndi wotumiza, ngozi, malo ndi chochita, koma liwu loti kumtunda silikwanira achimwene. Munthu wadzidzimuka pakati pa usiku, mwana kumsana, akufuna kuuzidwa dzina la sukulu kapena tchalitchi chimene athawireko ndi njira imene sinadulidwe. Ndi bwino uthenga ukhale wa masamba awiri koma utchule malo. Izi zimatheka ngati makomiti a m'midzi alemberatu mauthenga a dera lililonse nyengo ya mvula isanayambe, nkuwasunga m'makina. Ndipo ku Nsanje ukhale m'Chisena, ku Mangochi m'Chiyao, ku Karonga m'zilankhulo za kumeneko. Womasulira akhale munthu wa komweko, wina wachiwiri awerenge. Ambiri sadziwa kuwerenga, choncho kulira kwenikweniko kuyenera kudziwika tanthauzo lake: ukamva kulira uku, dzutsa anzako, tsegula wailesi, pita kwa wa komiti.

Mlongo_waLeeds
Chimene ndikuopa kwathu ndi akuba a pa foni. Tsiku loyesa likangolengezedwa, kudzabwera ma SMS oti tumizani PIN ya Mpamba kapena Airtel Money kuti mulembetse chenjezo. Kulengeza kulikonse kuzinena mobwereza kuti chenjezo ndi laulere, silifuna kulembetsa, silidya bandulo kapena mayunitsi, ndipo silipempha PIN.

Mayi_Zangozi
Nthawi yoyesera nayo isankhidwe ndi nzeru. Isakhale mkati mwa dzinja pamene anthu angatenge ngati zenizeni nkuyamba kuthawa. Okutobala ndi wabwino, mvula isanayambe, kuti zolakwika zikonzedwe Disembala asanafike. Ola likhale loti si la mapemphero a Lachisanu kapena Lamulungu m'mawa, komanso si nthawi ya mayeso a MANEB. Mawu oyamba a uthenga akhale oti uku ndi kuyesa chabe, musachite kanthu. Zipatala ndi apolisi auzidwiretu, chifukwa mafoni ofunsa adzachuluka ola limenelo.

Nsanja4G
Dongosolo lake ndikanaliika motere mayi. Ayambe ndi nsanja imodzi ya mu labu ndi tebulo la mafoni limene a ku Limbe anena. Kenako tchanelo choyesera pa netiweki yeniyeni, makampani onse awiri, mpaka lipoti la nsanja zokana litatsika ndipo chifukwa cha iliyonse chadziwika. Zikatero boma limodzi la m'chigwa cha Shire, pa tchanelo chenicheni, cell broadcast ndi SMS nthawi imodzi, a makomiti atanyamula mapepala olembapo dzina la mudzi, mtundu wa foni, kampani ndi mphindi imene yalira. Tsiku lomwelo ayese kuletsa uthenga ndi kutumiza wokonza. Zotsatira zisindikizidwe poyera mudzi ndi mudzi, kuphatikizapo midzi imene sikunalire foni ngakhale imodzi, chifukwa kumeneko ndi kofunika kuwonjezera zimkuzamawu ndi wailesi chaka chomwecho.

Wokonzamafoni_Limbe
Pa pepalalo muwonjezere mzere wofunsa ngati foni inali ndi moto pa ola limenelo. Kumudzi ambiri amatchajitsa pa sola ya pa gulosale, foni imakhala yozima usiku posunga batire, ndipo usiku ndi pamene Ruo amakonda kubwera. Mukapeza kuti m'mudzi mafoni ambiri amagona ozima, komiti isankhe nyumba zitatu kapena zinayi zopatsidwa kasola kakang'ono, zomwe foni zake sizizima, ndipo eni ake akhale ndi likhweru.